Muyeso Wakale Sufufutidwa

1. Mpando wa pakona

M'shopu yosokera ya azakhali ake munali mipando yambiri, koma umene Kasingano ankaunyadira unali wa pakona, pafupi ndi windo, pamene panali kompyuta. Dzina lakuti Kasingano anamupatsa ndi matelala, chifukwa anali woonda ndiponso mawu ake ankabaya.

Asanafike pakonapo anatha chaka chathunthu ali m'kachipinda ka kuseri, akusita makolala ndi mipendero mpaka m'manja munatuluka matuza. Atamaliza maphunziro afupiafupi a kompyuta, azakhali anamusamutsa. Koma anamuuziratu kuti mpandowo ndi wobwereka, ndipo tsiku limene adzayambe kudzimva, simbi ikumudikira kuseri.

Ntchito inkayenda motere. Msuweni wake, mwana woyamba wa azakhaliwo, ndiye ankalandira makasitomala kutsogolo. Ankawayesa ndi tepi n'kulemba miyeso mu kompyuta yake. Zonse zinkakasungidwa mu chinthu chimene bambo wa makompyuta ankachitcha databesi, koma m'shopumo ankangoti nkhokwe. Kasingano ndiye ankayenera kutapa m'nkhokwemo m'mawa uliwonse, kusindikiza lipoti la zodula, n'kukalipereka kwa mkulu wodula nsalu, amene aliyense ankawatcha a Sizasi.

Shopuyo inalinso ndi lamulo limene anasiya malemu agogo, mwini wake woyamba. Muyeso wakale sufufutidwa. Munthu akabwera atasintha thupi, umadula mzere pa nambala yakale n'kulemba yatsopano pambali ndi zilembo zakuda bii. Agogo ankati thupi la munthu lili ngati mtsinje, limadzaza n'kuphwanso, ndipo amene wanenepa chaka chino akhoza kudzabwera chaka chamawa ataboolanso lamba.

Kale zimenezi zinkachitika pa makadi ndi cholembera. Makadi atasiyidwa, msuweni anapeza kuti kompyuta nayo imatha kudula mzere ndi kudetsa zilembo, choncho anapitiriza mwambowo osafunsa munthu.

2. Tsache la bambo wa makompyuta

Tsiku limene nkhaniyi inachitika linali loyamba kuti a Sizasi adule potsata lipoti m'malo mwa makadi. Pa thebulo lawo panali mpukutu wa nsalu yobiriwira, yonyezimira pang'ono ngati nthenga za bakha. Inali ya amayi a kwaya ina. Anakaigula kutali, ndipo mtsogoleri wawo ananeneratu kuti kusitolo kumene anaipeza inathera pomwepo. Ambiri mwa amayiwo anali makasitomala akale, ndipo msuweni anali atawayesanso onse.

Kasingano anadina batani, makina osindikizira analira, pepala linatuluka. Koma pakati pa manambala panali timizere topindika ngati milomo ya anapiye, titatsekera tizilembo uku ndi uku. A Sizasi analitenga, analiika patali ndi maso, kenako pafupi, n'kufunsa ngati nkhuku zinagona m'makinamo. Matelala anaseka mpaka wina anaduka ulusi.

Kasingano anadziwa chimene chachitika. Kompyuta sisunga mzere monga cholembera chimachitira. Imasunga nambala, n'kuika kachizindikiro kutsogolo kakuti mzere uyambire apa, ndi kena kumapeto kakuti ulekezere apa. Pa kompyuta ya msuweni tizizindikiroto timamveredwa, ndiye mzere umaoneka. Koma lipoti silinauzidwe kutimvera. Linangotikopera tonse, ngati mwana wokopera pa bolodi zinthu zimene sakuzimva.

Azakhali anaimbira foni bambo wa makompyuta, amene anawaikira zonsezi. Bamboyo anali pa ulendo, mphepo ikusokosa m'fonimo. Ananena mwachidule kuti pamwamba pa lipoti pali kabokosi, achongemo, ndipo zinyalala zonsezo zisesedwa. Anawonjezera kuti za mkati mwa kompyuta, kumene lipoti limakonzedwera, asagwire.

Kasingano anachonga. Pepala lachiwiri linatuluka loyera bwino, manambala ali ndondondo. Azakhali anapuma mpweya wautali n'kubwerera ku makina awo.

Mtsikanayo ananyamuka kupita ku thebulo la a Sizasi akuwerenga. Ali pakati pa njira anaima. Pa dzina la mtsogoleri wa kwaya panalembedwa kuti chiuno 34 40. Mzere panalibe, kuda panalibe, manambala awiriwo anangokhala moyandikana ngati mapasa. Pa mayi wotsatira panali 42 38. Kaya mayiyo anaonda, kaya msuweni analemba muyeso watsopano kutsogolo, pepala silinanene. Tsache lija linali litasesa zinyalala pamodzi ndi singano.

Anabwerera pakona pake, analipinda pepalalo pakati, analiika pampando n'kulikhalira.

"Ili silipita kwa a Sizasi," anatero.

Msuweni anasuzumira kuchokera kutsogolo, tepi ili m'khosi. "Mwana wa amalume, wadya chiyani m'mawa uno? Kapena ukufuna uliswe ngati mazira?"

Kasingano anamufunsa kuti pa 42 ndi 38 muyeso watsopano ndi uti. Msuweni anati akumbukira, angomupatsa cholembera adule mizereyo pamtima. Kasingano anamukumbutsa za buluku la aphunzitsi ena limene linatuluka mwendo umodzi waufupi chifukwa cha kukumbukira komweko. Matelala anaweramira pa makina awo, mapewa akugwedezeka.

3. Mawu a azakhali

Azakhali anazimitsa makina awo. M'shopumo aliyense ankadziwa kuti makina amenewo akakhala chete, enanso ayenera kukhala chete. Anabwera pang'onopang'ono, anakoka mpando wa kasitomala n'kukhala moyang'anana ndi mtsikanayo. Sanakweze mawu.

"Mwana wa mchimwene wanga, tandiyang'ana kuno. Ine shopu ino ndinailandira ili ndi makina amodzi ndi denga lodontha. Za kompyuta sindizidziwa, sindikana. Koma ndimawadziwa anthu amene amati ndingokonza pang'ono. Kunabwera telala wina kuno, wanzeru ngati iwe. Anatsegula makina opetera akuti akumva kaphokoso. Tinatola tizitsulo pansi mpaka dzuwa kupendeka. Makinawo ndi aja ali pansi pa thebulo apo, tikuikapo ketulo.

"Mwini wa ntchito wanena kuti za mkati tisagwire. M'nkhokwemo muli miyeso ya anthu onse amene anadalira shopu ino kuyambira nthawi ya agogo ako. Ukasokoneza, ndidzawauza chiyani? Kuti mwana wanga amayeserera? A Sizasi anayamba kuwasokera amayi amenewa iwe usanamere mano. Manambala awiri sangawasocheretse. Aona okha.

"Ndiye pali pakamwa pakopo. Wamuyalutsa mkulu wako pamaso pa antchito. Mwina wanena zoona, koma ukayenda umasiya phazi, ukasiya mlomo umakaupeza patsogolo. Maphunziro ako ndi a dzulodzulo, mayi. Mtengo wanthete suyesa mphepo. Pereka pepalalo, anthu agwire ntchito. Ukagwira za mkatimo, mpando umenewo wautsanzika lero lomwe."

Kasingano anamvetsera maso ali pansi, manja ali pa maondo, monga mwana woleredwa bwino. Koma papepala paja sananyamuke.

"Azakhali, simbi sindiyiopa," anayankha. "Ndikuopa sizasi kulowa pa 34 pamene munthu ali 40. Nsalu si tsitsi, ikadulidwa simeranso."

 Azakhali anaimirira, anabweza mpando pamalo pake, n'kunena kuti akupita kukagula mabatani, ndipo pobwera apeze nsalu ikudulidwa.

4. Chigamba choyamba

Azakhali atangotuluka, a Sizasi anayamba kufunafuna choko chawo. Anachifuna pansi pa thebulo, pawindo, mpaka anafika pakona pa Kasingano. Chokocho chinali kukhutu kwawo.

Anaweramira pafupi n'kunena motsitsa kuti asamanamizidwe, iwo ziuno za amayi a kwaya sazikumbukira. Amakumbukira nkhope ndi mawu oimbira basi. Kasingano anamwetulira koyamba tsikulo. Koma mkuluyo anali asanamalize.

"Usakondwe, mdzukulu. Ine sindikuti ugwire, sindikutinso usagwire. Mtima wako ndauona kale, wapita. Koma tamva za ntchito yathu. Telala akagula sizasi yatsopano sayambira pa nsalu ya kasitomala. Amatola chigamba pansi, n'kudula, n'kuona ngati ikutafuna kapena ikudula. Akasintha singano amasoka kaye pa chigamba. Ngakhale simbi umayamba waigunditsa pa nsanza. Ine tsitsi layera chonchi ndimachitabe zimenezo, osati chifukwa sindidziwa kudula, koma chifukwa chitsulo sichidziwa kuti ndine ndani.

"Munthu amene akunena zoona ndiye amathamanga kwambiri, ndipo ndi amene amagwa moipa, chifukwa sayang'ana pansi. Chimene ukufuna kuchitacho, yamba wachiyesa pa kanthu kakang'ono. Ukaona kuti chakhala bwino, uyang'anenso kachiwiri. Kuthamanga si kufika."

Anabwerera ku thebulo lawo n'kuyamba kusalaza nsalu ija ndi chikhatho.

Kasingano anamva ndi khutu limodzi. Linalo linali kumsewu, kumvetsera ngati azakhali akubwera. Analemba mawu achinsinsi otsegulira za mkati, amene bambo wa makompyuta anamuuza tsiku loika makinawo, ndipo mafupa a lipoti anaonekera: mabokosi opanda kanthu, lililonse ndi dzina lake. Anapeza bokosi la miyeso. Pambali pake panali zosankha zitatu. Choyamba chinali kuonetsa mawu ndi tizizindikiro tawo tonse. Chachiwiri chinali tsache lija. Chachitatu chinali kuonetsa mawu monga mmene wolemba anawakongoletsera.

Anasankha chachitatu.

Tsamba loyamba linaonekera pa sikirini. Pa dzina la mtsogoleri wa kwaya, 34 anali ndi mzere pakati, ndipo 40 anali wakuda bii. Pa mayi wotsatira, 42 ndiye anali wakuda, 38 wodulidwa. Mayiyo sanaonde ayi, msuweni ndiye analemba chobwerera.

Kasingano anakondwa. Masamba enawo sanawayang'ane. Anadina batani losindikizira lipoti lonse n'kupinda manja pachifuwa.

Makina analira. Masamba oyamba anatuluka okongola. Kenako kunatuluka tsamba lokhala ndi liwu limodzi lokha, zilembo zake zazikulu ngati za pa chikwangwani cha sitolo: AKUFUNA. Lotsatira linati MATUMBA. Lina linatuluka lakuda lonse, lonyowa ndi inki, pakati pali timawu toyera takuti manja akhale aatali.

Msuweni anali ndi chizolowezi chake. Akafuna kuti asaiwale kanthu, ankakakulitsa mpaka kudzaza sikirini, kapena kukapaka utoto kumbuyo. Lipoti linali litauzidwa kumvera, ndipo tsopano linkamvera zonse, zanzeru ndi zopusa zomwe.

Kasingano anadina apa, anadina apo, koma makina anapitiriza kumeza mapepala. Pamene anakumbukira kuzula chingwe kukhoma, inki inali itatha. Masamba omalizira, a theka la amayi a kwaya, anatuluka otuwa ngati phulusa, osawerengeka.

Pakhomo panali pataima azakhali, kathumba ka mabatani kali m'manja.

5. Kuseri

Azakhali anayang'ana mapepala amene anali mbwee pansi. Anatola lakuda lija ndi zala ziwiri, analiyang'ana, n'kuliika pa thebulo.

"Nyamuka," anatero.

Anatembenuka n'kuimbiranso bambo wa makompyuta. Anamuuza kuti abwere madzulo asanafike, atenge inki, ndipo adzabweze zonse mmene ananenera m'mawa.

Kasingano anamva mawu amenewo bwinobwino. Kubweza zonse kunatanthauza tsache lija, ndipo theka la nsalu linali loti lidulidwe mawa. Azakhali akadali pafoni, zala zake zinathamanga pa mabatani. Anasintha mawu achinsinsi otsegulira za mkati, n'kuika ena amene ankawadziwa yekha. Kenako anaimirira, anakankhira mpando pansi pa thebulo mwaulemu, n'kupita kuseri.

Kachipinda kositira kanali momwe anakasiyira, kotentha, konunkha nsalu yonyowa. Msuweni anamubweretsera mulu wa malaya a sukulu n'kuuponya pa thebulo. Anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo anamufunsa ngati akufuna kuti amulembere dzina la simbi ndi zilembo zazikulu kuti asaiiwale. Kasingano anayankha kuti alembe, inki yake akaitenga kuti? Msuweni anafuna kukwiya koma chiseko chinamupulumuka, ndipo anatuluka akupukusa mutu.

Patapita kanthawi, kupyolera m'khoma la matabwa, kunamveka phokoso limene Kasingano ankalidziwa: sizasi yaikulu ikuyenda pa thebulo, khwe, khwe, khwe. A Sizasi anali atatola masamba owerengeka aja, kuwasanja, n'kuyamba kudula. Sanabwere kudzamuyamikira. Atadutsa pakhomo popita kukamwa madzi, anangotola kansanza pansi, anakaika pafupi ndi simbi, n'kupitirira.

Kasingano anakayang'ana kansanzako. Anagunditsapo simbi kaye, kenako anayamba kolala yoyamba.

6. Mawu otsegulira

Dzuwa litapendeka, njinga yamoto inaima panja. Bambo wa makompyuta analowa akupepesa kuti wachedwa. Kasingano anamumva akutsegula makina osindikizira, akuika inki, kenako mpando wa pakona unalira. Mabatani anagogoda. Kunakhala chete. Anagogodanso, pang'onopang'ono. Kenako kunamveka kunong'onezana.

Azakhali anatulukira pakhomo la kachipinda kositira. Anatseka chitseko kumbuyo kwawo kuti matelala asamve.

"Mawu otsegulira."

Kasingano anaimika simbi. Anapukuta manja pa epuloni n'kugwada pang'ono, monga ankachitira polankhula ndi azakhali kunyumba. Ananena kuti za inki ndi mapepala walakwa, ndipo a Sizasi anamuchenjeza koma sanamve. Ananenanso kuti bamboyo samudziwa mwambo wa shopu ino, chifukwa palibe anamuuza. Akauzidwa akhoza kukonza kuti lipoti lizimvera zinthu ziwiri zokha, mzere wodula ndi zilembo zakuda, n'kumakana zikwangwani za msuweni. Anapempha kuti amulole akamufotokozere yekha.

Azakhali anati mlendo sangaphunzitsidwe ntchito yake ndi mwana wositasita, ndipo iwo sanabwere kudzakambirana.

"Ndiye mawuwo ndinena nsalu ya kwaya ikatha kudulidwa," anatero Kasingano.

"Ukunditsekera kunja m'nyumba mwanga?"

"Ayi, azakhali. Ndikutsekera tsache."

"Makiyi a munthu sulanda, ngakhale utaona kuti akulowera chitseko cholakwika. Zimenezo ndiye sunaphunzire kusukulu kwako. Ndikufunsa komaliza."

Kunja kwa chitseko sizasi inali itasiya kulira. Makina onse anali chete. Kasingano anadziwa kuti shopu yonse ikumvetsera, ndiponso kuti pa nkhani ya makiyi ija azakhali sananame.  Koma anakumbukira manambala awiri aja atakhala moyandikana, ndipo anatseka pakamwa.

Azakhali anadikira. Atatopa, anavula tepi m'khosi, anaikulunga bwinobwino pa zala n'kuiika m'thumba. Anatsegula chitseko, anapepesa bambo wa makompyuta kuti abwerenso mawa m'mawa, n'kuuza msuweni kuti lero wotseka shopu ndi iye. Kenako anatenga chikwama chawo.

Msuweni anafunsa kumene akupita nthawi imeneyi, ntchito ili pakati.

"Kwa amalume ako," anayankha azakhali, mokweza kuti mawuwo afike kuseri. "Mwana ndi wawo. Akamufunse okha."

Chitseko cha kumsewu chinatsekeka. Kasingano anaima pomwepo, manja ali lende. Bambo ake anali munthu amene sankafunsa funso kawiri.

Anatenga malaya ena pamulu, anawayala, n'kukweza simbi. Kolala inatuluka yowongoka.